Musanaipititse kwa kalipentala mfuti ya malemu bambo anu

Kalata inafika pa imelo Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndinaiwerenga pa foni ndili chigonere, ndipo kuchokera pamenepo tulo tinandithawa. Analemba ndi bambo wina wa ku Chilomoni. Bambo ake anamwalira chaka chatha nasiya mfuti yosakira nyama ya Mauser, pa mpope pake polembedwa 9.3x62, mapepala a kupolisi ali m'malo mwake. Akufuna kuigulitsa, koma akuti yakalamba maonekedwe. Ndiye waganiza zoti thabwa lake alipalitse n'kulipaka vanishi, pamwamba aboole aikepo sikopu (galasi loonera patali polozera), kumbuyo adule pang'ono amatepo labala. Funso lake: zimenezi zikweza mtengo ndi ndalama zingati?

Achimwene, ndikanadziwa khomo lanu ndikanagogoda usiku womwewo. Sikuti ndikukunyozani ayi. Kungoti zimene mwalembazo, mzere ndi mzere, ndi zimene ndinachita ine mu 1997, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa Ndirande n'kumva fungo la vanishi, m'mimba mumanditembenuka.

Agogo anga, bambo a mayi anga, anali msilikali wa King's African Rifles, aja akuluakulu ankati a Keyala. Anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, nabwerako ndi khutu limodzi losamva bwino komanso khalidwe losalola kuona dzimbiri pa chitsulo chilichonse, ngakhale khasu. Analembedwa ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ntchito yake kupirikitsa nguluwe ndi anyani zikavuta m'minda. Mzungu amene ankayang'anira pamenepo, pobwerera kwawo dziko litangolandira ufulu, anawasiyira mfuti imene ankawabwereka zaka zonsezo.

Inali ya zipolopolo za .303, koma osati zija za asilikali zokutidwa thabwa mpaka kukamwa. Iyi inali ya alenje, yopangidwa ndi kampani ya BSA ku Birmingham, pambali pake polembedwa kuti Lee-Speed. Nthawi imeneyo dzinalo sindinkalilabadira, ndinkangoti ndi mfuti ya agogo basi. Ndinadzadziwa mochedwa kuti Lee ndi James Paris Lee amene anatulukira kapangidwe kake, Speed ndi Joseph Speed wa ku fakitale ya boma ku Enfield, ndi kuti mfuti zimenezi ankazigulitsa kwa anthu wamba ndi akuluakulu a nkhondo ofuna yawoyawo, kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Thabwa lake linali lowonda, la mtengo wa walnut, lodera ngati uchi wakale. Pogwirira panali timizere tosemedwa mopingasa kuti dzanja lisaterere. Kumapeto kwa thabwa, chakutsogolo, kunali kanyanga kakuda. Pa mpope panali timasamba tachitsulo toonerapo, timene umatha kudzutsa kapena kugoneka malinga ndi kutalika kwa pamene pali nyama.

Chimene ndimakumbukira kwambiri si kulira kwake koma ketulo. Agogo akangoombera, ngakhale chipolopolo chimodzi, pofika kunyumba ankayamba ateleka madzi, n'kuwathira owira mu mpope, kenako kansalu, kenako mafuta. Ife ana tinkaseka kuti agogo akuimwetsa tiyi mfuti. Chonsecho anali ndi chifukwa chomveka: zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere wina mu mpope, mchere umene mafuta sauchotsa koma madzi, ndipo ukausiya usiku umodzi m'nyengo ya chiperoni, m'mawa umapeza mkati muli psuu. Thabwa ankalipaka mafuta a linseed, madontho awiri pa chikhatho, n'kumasisita mpaka dzanja litatentha. Zaka zoposa makumi awiri akuchita zimenezo. Kuwala kumene kunabwerapo sikugulidwa m'chitini.

Agogo atatisiya mu 1989 mfutiyo inapita kwa amalume, monga mwa mwambo wa kwathu. Amalume sankaifuna, inangokhala mu wadirobu, iwo n'kumangolipira laisensi. Ine nditayamba ntchito ku Limbe ndinawachonderera, tinayenda maulendo a kupolisi mpaka dzina langa linalowa pa pepala.

Chinandipusitsa ndi magazini. Aja anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa Victoria Avenue anali ndi magazini a alenje a ku America, masamba ena othothoka. M'menemo mfuti iliyonse inali nyezinyezi, pamwamba sikopu yonenepa. Ndikayang'ana ya agogo, thabwa lodera, chitsulo chotuwa m'makona, pogwirira poperepeseka, ndinachita nayo manyazi. Ndinali ndi zaka 26 ndi malipiro anga oyamba m'thumba. Munthu wotere samva za wina aliyense.

Ndinamasula thabwa n'kupita nalo kwa kalipentala wina ku Ndirande, mmisiri weniweni wa mipando ndi makabati. Ndinamuuza kuti ndikufuna likhale latsopano. Munthuyo anachita ndendende zimene ndinamutuma. Anapala ndi sandipepala mpaka timizere tonse tija tinafafanizika, m'makona monse mukhale see. Kanyanga kaja kanasweka, iye anadulapo n'kukonza mozungulira. Kumbuyo anachotsa chitsulo chopondera paphewa, nadula thabwa, namatapo labala. Vanishi anapaka katatu. Nditakalitenga linkawala ngati bokosi la maliro a munthu wolemera, ndipo ine ndinasangalala kwabasi, ndinamuwonjezera ya fanta.

Chitsulo ndinapita nacho kwa mnzanga wowongola magalimoto. Anachikhula ndi burashi ya waya ya pa makina mpaka mbee, n'kuchifayira penti yakuda. Sikopu anandigulira mnzanga wina woyendetsa thiraki ku Johannesburg. Vuto linali poikhazika, poti mfuti za mtundu wa Lee sizinapangidwe kuti pamwamba pakhale kanthu. Kachivindikiro kachitsulo kamene kankatchinga fumbi tinakachotsa. Timasamba tija tinkatchinga, tinatigumula ndi tchizulo, ndipo sindikudziwa kumene tinagwera. Pomaliza mnyamata wa weledingi anawotcherera kachitsulo pambali kuti sikopuyo igwire. Ntchito yonse inatha milungu iwiri. Ndinakaionetsa kwa amalume monyadira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nangoti, "Aphwanga, ndiye mwaikonzatu." Ndinayesa kundiyamikira.

Mu 2004 fizi ya ana inandithina. Ndinamva kuti ku Mulanje kwabwera mdala wina wa ku Zimbabwe, mlendo pa esiteti ina, amene moyo wake wonse wakhala akukonza mfuti ndipo amadziwa anthu ogula zakale. Ndinapita nayo. Anaitenga mwaulemu, anavala magalasi, nayendetsa chala chachikulu pambali pomwe panali zilembo. Mawu aja a Lee-Speed anali atatsala ngati zolemba pa ndalama yachitsulo yakale. Anayang'ana pogwirira, anayang'ana pamene panali timasamba, kenako anafika pa weledingi paja n'kukhala chete. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ine ndinanama, ndinati ndinaipeza ili choncho. Sindikhulupirira kuti anandikhulupirira.

Anandifotokozera mosakalipa. Chitsulo cha pamenepo anachiumitsa ku fakitale ndi moto woyezedwa bwino, ndipo mfuti za Lee zimakiyira chakumbuyo, kufupi ndi pomwe tinawotchererapo, ndiye mphamvu yonse ya kuphulika imatsamira pa chitsulo chimene moto wa weledingi unali utachisokoneza. Anati iye sangaiombe, ndipo inenso ndisiye kuiomba. Mtengo sanatchule chifukwa panalibe chogula. Ndinamukakamiza kuti andiuze, ikanakhala mmene agogo anaisiyira ikanapita pa zingati. Ndalama imene ananena sindiilemba pano. Fizi ya ana awiri chaka chonse ikanakwana, n'kutsalako ya malata. Ndinabwerera ku Blantyre pa minibasi mfuti ili m'chikwama chake pakati pa miyendo, osalankhula ndi munthu mpaka pa Limbe.

Chichewa chathuchi chinaneneratu, ife osamva. Mawu oti mtengo ndi amodzi, wa m'nkhalango ndi wa pamsika. Mawu oti kudula ndi amodzinso. Ine ndinadula mtengo wa mfuti, mfutiyo n'kusiya kudula.

Ndipo pano ndilankhula mosapsatira, amene akwiye akwiye. Ife tili ndi matenda a kuwala. Chinthu chikangotuwa pang'ono, maganizo athu amathamangira ku penti. Taonani nyumba zakale za njerwa zootcha m'tauni muno, zimene zinaima zaka zana osadandaula, lero zapakidwa mitundu yolasa m'maso ngati maswiti. Taonani mpando wa mlombwa wa agogo, wina waupaka penti ya buluu yotsala pa chitseko cha bafa. Njinga ya Humber yoyenda bwinobwino, tikuichotsa chishalo chachikopa n'kuikapo cha pulasitiki chifukwa choti chachikopacho chasuwa. Timaona ukalamba wa chinthu ngati umphawi, ngati kuti anthu atiseka kuti talephera kugula chatsopano. Ndikumvetsa kumene zimachokera, inenso ndinakulira m'nyumba imene chatsopano chinkabwera pa Khirisimasi pokha. Koma wogula mfuti yakale sakufuna yatsopano. Akanafuna yatsopano akanaitanitsa yatsopano, yolasa bwino kuposa yanuyo, yotsika mtengo, yobwera kale ndi mabowo a sikopu. Iye akulipira zaka. Akufuna aone ndi maso ake kuti chitsulo ichi, thabwa ili, zomangira izi zinatuluka limodzi pa khomo la fakitale tsiku limodzi ndipo palibe wazisokoneza. Kutuwa kwa m'makona ndi umboni wake. Inu mukapala, mwafufuta umboniwo ndi ndalama zanu zomwe. Ndiponso vanishi watsopano pa mfuti yakale amamuchititsa wogula kukayika: akubisa chiyani uyu, mng'alu? Chikomekome cha mkuyu amachidziwa bwino anthu amenewa.

Ndimakonda kufunsa anthu funso ili. Nyumba ya Mandala ija yakhalapo kuyambira 1882. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapita usiku kukathyola nyumba yosungira zida ya kampani ya African Lakes komweko ku Mandala, nathawa ndi mfuti zochepa chabe. Tiyerekeze kuti imodzi mwa mfuti zimenezo yapezeka lero kudenga la nyumba ina ku Chiradzulu, yodera, thabwa lobooledwa ndi tizilombo. Kodi alipo wamisala amene angaitengere ku Ndirande kuti akaipale? Aliyense angati ayi, ipite ku nyumba yosungira zakale pa Chichiri mmene ililimo. Nanga bwanji ya bambo athu timaiona ngati ilibe mbiri? N'chifukwa choti mbiriyo ndi yathu, taizolowera.

Komanso tisanamizane, nthawi ya ulenje inapita. Agogo ankasaka m'dziko limene nguluwe zinkafika pakhonde. Lero nyama zikuluzikulu zatsala m'malo otetezedwa. Ku Majete zambiri zinatheratu ndi gogodela ndi misampha mpaka a bungwe la African Parks anayamba kuyang'anirako mu 2003 n'kubweretsanso njovu, zipembere ndi mikango. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti ukagwidwa ndi mlandu wa nyama zotetezedwa kwambiri ukhoza kukaseweza zaka mpaka 30. Ndiye sikopu imene mukufuna kuikayo, wogulayo akaloza nayo chiyani, kuti? Amene angaigule kuti azitetezera munda, nguluwe amaiombera pafupi, kukuda, ndipo timaso tachitsulo toonerapo timamukwanira. Ndalama ya sikopu sadzakubwezerani.

Za mfuti yanuyo

Nambala ija mwalembayo, 9.3x62, ndi imene inandidzutsa pabedi. Chipolopolo chimenecho anachikonza Otto Bock ku Berlin mu 1905, makamaka chifukwa cha Majeremani amene ankakhala kuno ku Africa, ofuna mfuti imodzi yokwanira mphalapala, njati ndi mkango womwe, koma yosadula ngati zija za mipope iwiri za ku London. Tanzania nthawi imeneyo inali m'manja mwa Majeremani, aja anamenyana ndi a Keyala ku Karonga mu Seputembala 1914, ndiye si zodabwitsa kuti mfuti zotere zinkayendayenda m'chigawo chino chonse.

Koma dzina loti Mauser limanyenga. Kapangidwe ka mfuti kamene a Mauser anatulutsa mu 1898 anakatengera anthu ambiri. Ikhoza kukhala yochokera ku fakitale ya Mauser yeniyeni ku Oberndorf, yopangidwira alenje nkhondo yachiwiri isanathe, ndipo ikakhala imeneyo ndi imene anthu osonkhanitsa mfuti amaisakasaka. Ikhoza kukhala ya Husqvarna ya ku Sweden kapena ya FN ya ku Belgium, zabwino ndithu koma za mtengo wapakati. Ikhozanso kukhala yausilikali imene wina anaisintha mpope kalekale, ndipo ikakhala imeneyo bala linalowa kale, inu simungaipweteke kwambiri. Muyang'ane dzina pambali ndi pamwamba, tizidindo ta chisoti chachifumu tokhala ndi zilembo monga B ndi U, komanso ngati nambala ya pa thupi la mfuti ikufanana ndi ya pa bolt, chitsulo chija chokankhira chipolopolo mu mpope, ndi zigawo zina. Zikafanana zonse, manja anu akhale kumbuyo.

Anthu amaganiza kuti kuika sikopu ndi bala limodzi. Pa Mauser yakale ndi mabala atatu. Uboola mabowo pamwamba, nthawi zina pomwe pali chizindikiro cha fakitale. Ukatero upeza kuti chogwirira cha bolt chikugunda sikopu, ndiye uchipinde ndi moto kapena uchidule n'kuwotcherera china. Ukatero upezanso kuti sefute yake, yoletsa mfuti kulira mwangozi, ija yotembenuza ngati kambendera kumbuyo, siikutha kuzungulira, ndiye uichotse uikepo ina. Pomaliza watsala ndi mfuti yosakhalanso ya Oberndorf, yangokhala ya mmisiri wa pa kona. Si zachilendo wogula kuyambira pa theka la mtengo akangoona mabowo, ena amangoibweza m'chikwama.

Ngakhale fakitale yeniyeni ikasintha zinthu anthu amailanga. A Winchester anasintha kapangidwe ka mfuti yawo ya Model 70 mu 1964 kuti achepetse ndalama zopangira, ndipo mpaka lero munthu akamagula yakale funso loyamba ndi loti ndi ya 1964 isanafike kapena itadutsa. Ife chaka chimenecho timachikumbukira ndi ufulu, alenje a ku America amachikumbukira ndi madandaulo. Ngati eni ake sanakhululukidwe, kalipentala wanu akhululukidwa bwanji?

Zilipo zosintha zimene sizitsitsa

Ndisakhale ngati mlaliki wa mbali imodzi. Kusintha kumene anachita mmisiri wodziwika m'nthawi yomweyo kumawerengedwa mbali ya mbiri. Sikopu yakale ya Chijeremani yokhala pa tizikhadabo tija tochotseka, yoikidwa mfuti ikadali yatsopano, imakweza mtengo ikakhala kuti ilipo yonse. A Rigby a ku London ankatenga zitsulo za Mauser n'kumangirapo mfuti zawo, zonga .275 imene mlenje wotchuka W.D.M. Bell ankaphera njovu, ndipo palibe amene amati anaononga Mauser. A Parker-Hale a ku Birmingham anasandutsa ma Lee-Enfield ambirimbiri a asilikali kukhala osakira nyama, ndipo ntchito yawo ili ndi ogula ake, ngakhale pa mtengo wofatsa. Kusiyana kwake n'koti kumeneko kuli dzina, kuli mabuku. Ku Rigby ndi ku Holland & Holland ukatumiza nambala amatha kukuuza amene anaigula poyamba. Mnyamata wanga wa weledingi uja analibe ngakhale lisiti.

Kukonza choonongeka nakonso si tchimo. Thabwa likang'aluka pakhosi, kulimata bwino n'kwabwino kuposa kulisiya. Labala wakumbuyo ngati analipo kale ndipo wauma n'kuyamba kunyenyeka, kuikapo wina wofanana naye palibe angakudzudzuleni, bola osadula thabwa, wakaleyo n'kumusunga.

Ine yanga ndinakaipereka kupolisi patapita zaka zingapo, nditatopa kulipira laisensi ya chinthu chimene ndinkaopa kuchiomba. Wapolisi amene ankalemba anaiyamikira kuti ndi yokongola, yowala. Ndinangoti zikomo bwana. Chimene ndinatsala nacho ndi kabotolo ka mkuwa kothiramo mafuta ndi kachingwe kopukutira mu mpope, zimene agogo ankasunga m'chitini cha fodya. Mayi anga sanandifunsepo za mfutiyo mpaka anamwalira, ndipo sindidziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kundilanga.

Ndiye yankho lanu, achimwene, ndi ili. Zitatu mwatchulazo palibe chimene chikweze mtengo, zonse zitsitsa, ndipo muonjezerapo kulipira amisiri. Pukutani chitsulo ndi kansalu ka mafuta opepuka. Pamene pali dzimbiri sisitani pang'onopang'ono, sandipepala ndi burashi ya makina zisayandikire. Thabwa likhale mmene lilili, mwina kadontho ka linseed. Muisunge pouma, osati m'chikwama chotsekeka nyengo ya mvula. Lamba wake wakale, chikwama, malaisensi akale a bambo anu, chithunzi chilichonse ali nayo m'manja, zonsezo ziyendere limodzi ndi mfutiyo chifukwa nazonso ndi ndalama. Musaiombe munthu wodziwa asanaione mkati. Pogulitsa, wogulayo akhale ndi chilolezo chake ndipo kusintha dzina kudzere kupolisi, musamupatse m'manja chifukwa choti walipira. Ngati mtima wanu uli pa sikopu ndithu, gulitsani iyi ili yonse mukagule ina yobwera ndi mabowo ake.

Munditumizire zithunzi zinayi: pamwamba pomwe pali dzina, mbali ya kumanzere, tizidindo ta pa mpope, ndi kumbuyo kwa thabwa. Mujambule panja m'mawa, osayatsa kuwala kwa foni, ndipo nambala muitchingeko manambala awiri omaliza. Kalipentala uja ngati munamupatsa kale ya chikole musakamulande, mumuuze akukonzereni chitseko cha kukhitchini.